Constance Agwada ndi Mbale ya Mabisiketi

Constance Kachigamba anabadwira ku Nsipe m'boma la Ntcheu, koma sanakulire m'manja mwa amayi ake. Amayiwo anamwalira iye asanayambe n'komwe sukulu, ndipo anatengedwa ndi azakhali ake amene ankagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Azakhaliwo anali munthu wa mawu ochepa. Chilichonse chimene ankafuna kuti mwana adziwe ankachiphunzitsa ndi mthiko.

Tsiku lina kunabwera amalume ake kudzacheza, napempha madzi akumwa. Constance anawapatsa chikho ali chiimire, ndi dzanja limodzi, maso ali kwa anzake amene ankasewera fulaye pabwalo. Mthiko sanauone ukubwera. Unamupeza kuseri kwa mawondo, iye pansi khu, madzi onse pamalaya.

"Wamkulu sapatsidwa chinthu ndi munthu woima njo ngati pholo la magetsi," anatero azakhali aja, dzanja likugwirabe ntchito. "Gwada. Manja awiri. Maso pansi."

Anamenyedwa tsiku limenelo mpaka mthiko unathyoka, ndipo azakhali anamalizira ndi chotsala chake. Phunziro lina linabwera atasinkhuka pang'ono. Amalume omwe aja, atakhuta kachasu, anamuwomba khofi lomwe linamutseka khutu masiku angapo, ndipo iye anakadandaula kwa mayi wa nyumba yoyandikana nawo. Azakhali atamva anamutsekera m'nyumba ndi kumukwapula ndi chingwe chomangira mbuzi. "Wamkulu sanenezedwa kwa anthu. Akakulakwira umameza." Zinthu ziwirizi zinamulowa Constance mpaka m'mafupa, ndipo anakula nazo monga mmene munthu amakulira ndi chipsera.

Anakwatiwa ku Zingwangwa ndi dalaivala wa minibasi. Bamboyo akabwera atalusa ankavula lamba, ndipo tsiku lina anamuthyola nthiti ndi sipanala yomasulira matayala. Ankhoswe anakhala pansi, anamwa tiyi, nagamula kuti banja ndi kupirira. Constance anapirira mpaka tsiku limene minibasi inagubuduzika pa msewu wa ku Chikwawa ndi kumusiya wamasiye ndi mwana mmodzi wamkazi. Kenako anagwira ntchito zaka zambiri pa chipatala cha mishoni, kusambitsa odwala ndi kuwatembenuza pabedi. Mwana wake atalowa koleji, Constance anapeza mwayi wa ntchito ku England, mumzinda wa Hull, pa kampani ina yotumiza anthu kukasamalira okalamba m'nyumba zawo.

Ku Hull anapeza mphepo ya kunyanja yolowa mpaka m'mano, ndi nyumba za njerwa zofiira zolumikizana mzere wathunthu ngati nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi. Ankakhala ndi Yewo, namwino wa ku Rumphi wa pachipatala chachikulu, mayi wa pakamwa posatseka. M'mawa uliwonse Constance ankavala yunifolomu yake yabuluu, kukwera basi, ndi kuyenda khomo ndi khomo. Okalamba ambiri ankamukonda chifukwa sankawathamangitsa. Koma nyumba imene inamugwira mtima inali ya a David ndi akazi awo a Daphne, m'kamsewu kena kopatuka ku Hessle Road.

A David anali msodzi pa sitima zazikulu zimene kale zinkapita kukapha nsomba kumadzi ozizira a kufupi ndi Iceland. Anali chimunthu chachitali, chifuwa ngati chitseko, ndipo dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu zokha chifukwa zina zinadulidwa ndi chingwe cha ukonde. Tsopano anali atagwidwa ndi matenda a kuiwala aja amene amadya mutu wa okalamba koma kusiya mphamvu m'manja. M'mawa ankakhala munthu wofatsa, wonena zikomo. Kunja kukayamba kuchita mdima, nkhope inkasintha. Ankaganiza kuti ali pa sitima, ndipo aliyense amene sakumudziwa ndi wakuba. A Daphne anali kamayi kakang'ono, kowuma ngati nkhuni, zala zopindika ndi nyamakazi. Anakwatiwa ndi a David akadali mtsikana, ndipo anawadikira padoko moyo wawo wonse.

Nkhonya yoyamba inabwera mwezi wa Okutobala, Constance akuwavula juzi. Inamupeza pachifuwa mpaka mpweya unathawa. Sabata yotsatira anamuthira tiyi wotentha pantchafu. Kenako anamugwira mkono ndi kuupotokola ngati akufinya chovala chonyowa, uku akumuyang'ana m'maso osaphethira. Constance sanakuwe. Ankangoti, "Pepani abambo, ndine Constance," kudikira kuti dzanja limasuke lokha.

Tsiku la mkono lija a Daphne anamukokera kukhitchini ndi kutseka chitseko. Anapinda mkono wa juzi lawo. Kuyambira pachigongono mpaka paphewa panali mikwingwirima, ina yakuda, ina yachikasu yoyamba kupola.

"Si iwe wekha, mwanangu," anatero. "Koma tamvera. Ukakanena ku ofesi kwanu, iwo auza mwana wathu Jerome ku Leeds, ndipo Jerome akudikira mpata womwewo. Adzamutenga David kukamutsekera kunyumba za okalamba zija za zitseko zotsegula ndi manambala. Kumeneko sakatha mwezi. Munthu uyu ali bwinobwino sanandikwezerepo dzanja ngakhale kamodzi. Adye Khirisimasi iyi pano, pampando wake. Chaka chikatembenuka tidzaona chochita. Ndilonjeze."

Constance anayang'ana mayi wa msinkhu wa agogo ake akumupempha ndi misozi. Kukana sikunali m'kamwa mwake. Analonjeza.

Kunyumba Yewo anaona mkono uja pamene Constance ankatsuka mbale.

"Iwe Nangozo, ichi n'chiyani?" anafunsa Yewo, akumuitana ndi mfunda wake.

"Chitseko cha basi."

"Chitseko cha zala zitatu? Mabasi a ku Hull ayamba kumera manja?" Anaugwira mkonowo ndi kuutembenuzira kuwala. "Mawa lomwe ukapange ripoti kwa manejala wako. Kuno si ku Lizulu. Ku wodi kwathu peshenti akangokukankha pang'ono, shifiti isanathe aliyense wadziwa."

"Ndikaneneze nkhalamba yodwala? Munthu wosadziwa ngakhale dzina lake?"

"Iyeyo sadziwa dzina lake, koma nkhonya yake ikudziwa nkhope yako. Chifundo chidaphetsa nkhwali, asisi."

"Inu a ku Rumphi mumalankhula ngati wailesi yopanda batani lozimitsira."

"Ndipo inu Angoni mumafa mukunena zikomo."

Anaseka onse awiri, koma ripoti silinapite. Novembala inatha. Constance anaphunzira kuima monga anawaphunzitsira pa kosi ya ntchito, chambali kwa wodwala, maso pa manja ake, chitseko kumbuyo. Nkhonya zina ankazizinda, zina zinkamupeza. Ankavala malaya a manja aatali.

Kutatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, a Daphne anatulutsa kabokosi kakale m'kabati. Munali chofinyira mabisiketi, chitsulo choyera chonga pampu ya njinga koma chonenepa, chokhala ndi chogwirira chopotokola pamwamba. Pambali pake panali tizitsulo tozungulira ngati ndalama zazikulu, tobooledwa mosiyanasiyana. Kena kankatulutsa nyenyezi, kena duwa, kena mtengo wa Khirisimasi. A David ndiwo anachigula pa doko lina la ku Norway chaka choyamba cha ukwati wawo, ndipo kuphika kwake a Daphne anaphunzitsidwa ndi mchemwali wawo amene anakwatiwa ku Canada. Chaka chilichonse ankaphika mabisiketi amenewa ndi kugawira msewu wonse. Chaka chino zala zinali zitakana kupotokola chogwirira chija.

"Ndibwera Loweruka," anatero Constance. "Sindikugwira ntchito tsiku limenelo."

Malamulo a kampani sankalola kupita kunyumba ya wodwala pa tsiku lopuma, ndipo Constance ankadziwa zimenezo. Anapitabe. Anafika masana atavala diresi lake la kutchalitchi, namanga chitenje m'chiuno kuti ufa usamudetse. A David anali pabalaza pampando wawo waukulu, ndodo yawo ya mutu wachitsulo itatsamira pamwendo, akuyang'ana pawindo mwakachetechete.

A Daphne anakhala pampando wa kukhitchini ndi kuyamba kulamula ngati kapitawo. Batala ankayenera kukhala wofewa koma osasungunuka. Constance anamusakaniza ndi tchizi chija choyera chofewa ngati phala, chimene amagulitsa m'timabakuli, napalasa ndi sipuni yamtengo mpaka phewa linawawa. Anathira shuga, chachikasu cha dzira limodzi, vanila pang'ono, ndi khungu la lalanje lopalapala. Ufa wa tirigu unalowa pomalizira, pang'onopang'ono.

"Osaukanda ngati wa mandasi," anatero a Daphne. "Ungousakaniza, uusiye. Ukautopetsa, mabisiketi atuluka ngati njerwa."

Constance anatenga thireyi, nadula kabatala kuti apake pansi pake monga amachitira wophika aliyense kwawo. A Daphne anamumenya padzanja ndi kansalu kopukutira mbale.

"Siya zimenezo. Thireyi ikhale youma ndi yozizira. Ukapaka mafuta mtanda sugwira pansi, uzingokwera ndi chitsulo."

"Amayi, kwathu chigumu chopanda mafuta pansi mumadya ndi chitini chomwe."

"Kwanu mumadya chitini, kuno ayi. Kaiike panja izizire."

Anadzaza mtanda m'chofinyira, natsekera kachitsulo kotulutsa mtengo wa Khirisimasi kumunsi. Chinsinsi chake chinali kuimika chitsulocho chilili pa thireyi, kupotokola chogwirira theka lokha, kudikira kamphindi, ndi kunyamula molunjika. Oyamba anatuluka ngati zitosi za nkhuku. A Daphne anaseka mpaka kutsokomola, ndi kumuuza kuti awabwezere m'mbale. Koma dzanja la Constance linali lozolowera ntchito, ndipo posakhalitsa timitengo tinayamba kutsala pa thireyi mizeremizere, nthambi zake zooneka bwino. Anawaza shuga wobiriwira pamwamba ndi kulowetsa mu uvuni. Fungo la batala ndi lalanje linadzaza nyumba. Constance anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kwaya ya ku Nsipe, ndipo kwa kanthawi anaiwala kuti ali kwa eni.

Thireyi yoyamba inatuluka m'mphepete mutangoyamba kufiira. Analowetsa yachiwiri, ya nyenyezi. Kunja kunali kutayamba kale kuda, pakuti mwezi wa Disembala dzuwa la kumeneko limathawa anthu asanaweruke.

"Oyamba ndi a David," anatero a Daphne, akusanja timitengo pa kambale ndi zala zawo zopindika. "Ndi mwambo wa nyumba ino. Miyendo yanga yatopa, kamupatse ndiwe. Udzere kumbuyo kwa mpando, uike pa katebulo ka kumanzere kwake, ubwerere. Adzawapeza yekha."

Constance anamva bwinobwino. Ananyamula kambale kaja mpaka pakhomo la pabalaza, ndipo pamenepo mtima wake unakana. Kusiyira mwini nyumba chakudya chakumbuyo, mozemba, monga amasiyira galu woluma, iye sakanatha. Akanakhala mu yunifolomu, mwina akanakumbukira za pa kosi. Koma tsiku limenelo sanali wantchito. Anali mwana wamkazi wa chitenje m'chiuno, atanyamula chakudya choyamba cha chikondwerero, ndipo patsogolo pake panali bambo wamkulu amene anagula chitsulo chophikiracho. Miyendo inachita zimene inaphunzitsidwa. Anazungulira kutsogolo kwa mpando, nagwada pa kapeti, natambasula manja awiri, maso pansi.

"Abambo, nawa oyamba."

Chimene a David anaona mu mdima wa pabalazapo palibe angachidziwe. Mwina anaona chinthu chakuda chitabisala kumapazi kwawo. Constance, maso ali pa kapeti, anangomva mpando ukulira. Mutu wachitsulo wa ndodo unamupeza pamwamba pa diso lamanzere, khwaa. Kambale kanauluka, timitengo balala. Magazi anatsika chuchuchu ndi kutseka diso. Ndodo inabweranso pa phewa, inabweranso pa zala zimene anaphimba nazo mutu.

"Choka pa sitima yanga," anabangula a David, ataimirira tsopano. "Wakuba iwe. Ndikuponyera m'madzi."

Munthu wina akanathawa. Chitseko chinali pomwepo. Constance anangodzipinda pamene anagwadapo, mutu pakati pa mikono, akunena, "Pepani abambo, pepani," monga ankanenera kwa azakhali ake ndi kwa mwamuna wake uja. Nsapato inamupeza m'nthiti, pomwe panathyoka kale, ndipo anagwa cham'mbali pa zidutswa za mbale.

A Daphne anafika akugwirira khoma. "David, ndine. David, yang'ana kuno." Anagwira mkono wa malaya a amuna awo ndi manja onse awiri. A David sanatembenuke n'komwe kuti aone amene wawagwira. Anangokutumula mkono monga amakutumulira munthu amene wagwidwa ndi minga, ndipo kamayi kaja kananyamuka ngati mtolo wa udzu ndi kukagwera pa mwala wosalala wa m'mphepete mwa malo a moto. Panamveka thyo, ngati phesi louma. A Daphne sanalire. Anangotsegula pakamwa, mpweya wokha kutuluka.

Apo a David anatembenuka, naona chinthu china chagona pansi, nakweza ndodo ndi manja awiri pamwamba pa mutu wa akazi awo.

Constance anali asanakwezepo dzanja kwa munthu wamkulu chibadwire. Anadzuka osadziwa kuti wadzuka bwanji. Anawafungatira a David chakumbuyo, manja ake kukumana pachifuwa chawo, nakoka ndi mphamvu zonse za munthu amene wanyamula odwala theka la moyo wake. Ndodo inadutsa pambali ndi kuswa galasi la kabati. Anagwera limodzi pampando waukulu uja, iye pansi, iwo pamwamba. A David anabweza mutu chakumbuyo ndi kumuphwanya mlomo. Anabwezanso, dzino linagwedera. Anamuluma pamkono mpaka mano kulowa, namuponda mapazi, natukwana matukwano a pa sitima amene Constance anali asanawamvepo. Iye anangolumikiza zala ndi kutseka maso. Magazi ake ankadontha pa tsitsi loyera la nkhalambayo. Ankamva mtima wawo ukugunda m'manja mwake ngati wa ng'ombe yogwetsedwa pansi.

Kukhitchini nyenyezi zija zinali zikupsa. Utsi unalowa pabalaza, ndipo kabelu ka utsi ka kudenga kanayamba kulira mobaya m'makutu. Pang'onopang'ono thupi la a David linafooka. Ndodo inagwa. Ananunkhiza m'mwamba, nalankhula ndi mawu awo a m'mawa, ofatsa aja.

"Daphne, pali chimene chikupserera."

Constance anawamasula mosamala ndi kuwasiya pampando. Anatola ndodo ndi kuiponya kunja pakhomo, nazimitsa uvuni, natsegula windo. Zala zake zinali zotupa moti foni anaiimba ndi chala chaching'ono. Kenako anabwerera pabalaza ndi kufunditsa a Daphne jekete lake. Mwendo wawo umodzi unali utagona mopotoka, phazi kuloza kunja, ndipo unkaoneka waufupi kuposa unzake. Constance anali ataona miyendo yotere ku chipatala cha mishoni. Linali fupa la m'chiuno.

A Daphne anamugwira chitenje. Milomo yawo inali yotuwa.

"Unene kuti ndaterereka," ananong'ona. "Iwe wagunda chitseko cha kabati pothamangira ine. Wamva, mwanangu? Kwangotsala masiku ochepa."

Constance anawapukuta thukuta pamphumi.

A ambulansi anafika awiri, bambo ndi mayi. Bamboyo anagwada pafupi ndi a Daphne, ndipo asanafunse n'komwe a Daphne anayamba okha kufotokoza kuti kapeti ndi wakale, anakodwa phazi. Mayi wa ambulansi anayang'ana galasi losweka, mabisiketi opondedwa, ndi nkhalamba imene inakhala pampando ikuyang'ana magazi a pa malaya ake modabwa. Kenako anayang'ana Constance, diso lotsekeka, mlomo wong'ambika, ndi malo a mano pamkono.

"Nanga inu, mwaterereka pa kapeti yemweyu?"

Kabelu kaja kanali katasiya kulira. A Daphne anali akumuyang'ana. Constance anamva mawu a bodza lija atakonzeka kale pa lilime, osalala, ozolowereka, ofanana ndi a chitseko cha basi. Anali atameza zinthu zazikulu kuposa izi. Koma zonse zimene anameza m'mbuyomo zinali za thupi lake lokha. Anayang'ananso phazi lija loloza kunja, nakumbukira pamene ndodo inali kuloza.

"Ayi," anatero. "Atimenya ndi abambowa. Ine ndi ndodo, amayiwa anawakankha. Ndikanapanda kuwagwira akanawaswa mutu. Ndipo si lero lokha. Anayamba Okutobala. Muwapinde amayiwa mkono wa juzi muone."

Ananena zonse, za tiyi wotentha, za mkono wopotokoledwa, za lonjezo lomwe. Ananena ndi mawu otsika, magazi akumulowa m'kamwa. A Daphne anatseka maso ndi kusiya chitenje chija.

Apolisi nawo anabwera, ndipo a David anatengedwa tsiku lomwelo. Anatuluka mwaulemu, atagwira mkono wa wapolisi wachitsikana, akumufunsa ngati mphepo ya kunyanja yatembenuka. Anagona masiku angapo kuchipatala, kenako anawapititsa kunyumba ya okalamba ya zitseko za manambala, kunja kwa mzinda. Jerome anabwera kuchokera ku Leeds kudzakhoma nyumba. Constance anasokedwa pamwamba pa diso ndi pamlomo. Ku ofesi anamukhazika pansi ndi kumudzudzula pa zinthu ziwiri, kupita kwa wodwala tsiku lopuma ndi kubisa nkhanza miyezi yonseyo, namuimitsa ntchito mpaka nkhani itaunikidwa. Iye sanadziteteze, chifukwa zonse zinali zoona. Choonadi chimene akananena mu Okutobala ndi mkono wotupa wokha anachinena mu Disembala mayi wokalamba atathyoka chiuno. Chifundo chake chinali chenicheni, koma amene analipira kwambiri si iye.

Yewo anamuphikira phala, popeza china chilichonse sichinkalowa pakamwa.

"Sindinena kuti ndinanena," anatero akumuikira mbale. "Nkhope yakoyo ikunena yokha."

Pa tsiku la Khirisimasi, atatuluka m'tchalitchi, Constance anapita kuchipatala. A Daphne anali atachitidwa opaleshoni ndipo anagona pabedi la pafupi ndi windo, atavekedwa kachipewa kapepala kamene manamwino anagawira odwala onse. Ataona amene walowa anatembenuzira nkhope kukhoma. Constance anakhala pampando wa alendo, chikwama pamiyendo. Odwala ena anali akuseka ndi abale awo.

"Unalonjeza," anatero a Daphne, nkhope ili kukhoma komweko.

"Ndinalonjeza, amayi."

"Lero akudya ndi anthu osawadziwa."

"Inde."

Constance sanapepese ndipo sanafotokoze. A Daphne anapuma mozama. Kenako analankhulanso, mawu ali owuma.

"Jerome sadziwa kanthu za bambo ake. Anthu a kumeneko adzamuthira madzi pamutu pomusambitsa, ndipo iye amaopa madzi pamutu chifukwa anagwerapo m'nyanja kuchokera pa sitima. Azimupukuta ndi nsalu. Mapiritsi samameza ndi madzi, amafuna m'jamu. Akamagona asamuzimitsire magetsi onse. Winawake akawauze zimenezi, apo ayi amenya munthu, ndipo iwo amumanga ndi mankhwala."

"Ndikawauza ine."

"Lero."

"Lero mabasi sakuyenda, amayi. Ndipempha Yewo akandisiye pa galimoto akaweruka."

A Daphne sanatembenuke. Constance anawakonzera bulangete kumapazi, nanyamula chikwama chake, natsikira ku wodi ya Yewo kukamudikira.